Tepi ya Apolisi Imene Ndinatumiza ku Ntcheu

1992: Kuvula yunifolomu

Ana anga, mumandifunsa m'Chingerezi chanucho chifukwa chimene ndimanyamukira n'kupita kukhitchini pa TV pakayamba filimu yoseka apolisi. Ndikuyankhani m'Chichewa. Muvutike nacho pang'ono, inenso ndinavutika ndi chanu.

Agogo anu aamuna anali sajeni wa polisi. Anapuma ntchito n'kubwerera kwathu ku Ntcheu, koma usajeniwo sanausiye ku ofesi, anapita nawo kumudzi. Ngakhale popita kudimba ankayenda ngati pali wina akuwaimbira ng'oma. Ine ndinalowa chipolisi chifukwa cha iwo, ndipo ndinagwira ku Limbe zaka zingapo. Amayi anu atapeza ntchito yosamalira okalamba kuno ku Maryland, ndinalemba kalata yosiya chipolisi kuti ndiwatsatire. Tsiku lokatsanzika, bambo anandiyang'ana kumapazi, kumene kunali nsapato wamba m'malo mwa jombo.

"Wavula?"

"Ndavula, bambo."

"Chabwino."

Analowa m'nyumba, basi kutsanzikana kunali komweko. Kuchokera tsiku limenelo analeka kundiyankhula. Ndikaimba foni ku ofesi kumene mng'ono wanga Yohane ankagwira ntchito pa boma, yankho linali limodzi: mdala ali kudimba. Mvula kapena chilimwe, mdala ali kudimba. Zinkandipweteka, ndisakunamizeni. Chimene ndinkafuna m'zaka zimenezo sichinali galimoto kapena nyumba. Ndinkafuna bambo anga agwire foni anene kuti "Fedisoni".

1993: Ku Landover

Ntchito yanga yoyamba yokhazikika inali m'chinyumba chachikulu cha malata ku Landover, kumene ankajambulira mafilimu pa matepi a vidiyo ogulitsa m'masitolo. Inu simukuwadziwa matepi amenewa. Anali akuda, aakulu ngati buku la nyimbo la kutchalitchi, ndipo umawalowetsa m'makina otchedwa deki. M'chinyumbamo madeki anali mizere mizere mpaka kudenga, onse akujambula filimu imodzi nthawi imodzi, kukung'ung'udza ngati njuchi. Ine anandiika m'kachipinda ka oyesa. Pa mulu uliwonse ndinkatengapo matepi angapo n'kuona ngati chithunzi chili bwino.

Bwana wathu anali mayi Paulette, mayi wakuda wa konkuno, wamtali, wa magalasi olendewera pa chingwe. Sanali wankhanza, koma mawu ake anali ochepa ngati mchere wa m'chipatala. Tsiku loyamba anandiphunzitsa lamulo la ntchitoyo. "Fedisoni, pano sitionera filimu. Timayesa tepi. Uone poyambira pang'ono, uthamangitse mpaka pakati uone pang'ono, uthamangitse mpaka kumapeto uone pang'ono. Mitundu ili bwino? Chithunzi sichikunjenjemera? Palibe mizere? Mata chobiriwira. Ukapeza vuto lalikulu, kweza khadi lofiira, makina onse aima. Koma khadi limenelo usalisewere." Ndinafunsa za mawu. Anandilozera timivi tiwiri pa makina. Tikamagwedezeka tonse tiwiri ndiye kuti mawu alimo, ndipo m'phokoso la mmenemo sukanamva kanthu ngakhale utafuna. Matepiwo ankatipeza opanda chikuto, opanda dzina, nambala yokha. Zikuto ankavekera ku nyumba ina ku Springfield.

Ndiye taganizani: munthu wogwira ntchito ya mafilimu, koma wosadziwa filimu ngakhale imodzi. Ndinkadziwa mitu, michombo ndi mapazi a mafilimu ambirimbiri. Kunyumba deki tinalibe. Tinkakhala m'chipinda chimodzi ku College Park, amayi anu akugwira mashifiti awiri, ine Loweruka ndikutsuka magalimoto. Nthawi yoonera filimu tikanaitenga kuti?

1994: Filimu ija ifika

Chakumapeto kwa chaka chimenecho kunabwera oda yaikulu ya Khirisimasi. Matepi opanda kanthu anali osowa, moti mayi Paulette ankatilondera ngati tikuba shuga, ndipo tepi ikagwa pansi n'kusweka ankatseka maso ngati wapondedwa chala. Filimu ya odayo inali ya apolisi. Ndinaika tepi yoyamba m'makina. Poyambira panali perete: apolisi ali ndondondo, mabatani akunyezimira, mbendera ikukwera, ndipo kutsogolo kuli sajeni wachikulire wa ndevu za pamlomo, chifuwa chili patsogolo, maso osaphethira. Ndinathamangitsa mpaka pakati. Sajeni yemweyo ali chilili pamvula, pakona ya msewu, madzi akutsika pachipewa, iye osasuntha. Ndinathamangitsa mpaka kumapeto. Mkulu wa polisi akumuveka mendulo, anthu ataimirira, wina akupukuta misozi.

Malo atatu amenewo ndinawaona tsiku ndi tsiku kwa milungu yambiri, ndipo nthawi zonse ndinkaona bambo anga. Ndevu zomwezo, kaimidwe komweko. Ndinati mumtima: azungu awa ayi ndithu, ntchito ya polisi amaidziwa ulemu wake. Anzanga a m'chipindamo ankati akadutsa pa makina anga n'kumwetulira, wina n'kunena kuti filimu imeneyo ndi yabwino zedi, anaionera ku holo. Ine n'kumavomera ndi mutu wonse kuti eya, yabwino kwambiri.

Mulu woyamba utapita m'masitolo, anatipatsa aliyense tepi imodzi, yopanda chikuto yomweyo, ngati zikomo. Yanga ndinaiyesa ndekha m'malo atatu aja, ndinamatapo chobiriwira ndi dzanja langa, n'kuipatsira mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene ankapita kumudzi. Ndinauza Yohane pa foni kuti, "Uwauze bambo kuti iyi ndi ntchito imene ndimagwira. Chipolisi sindinachitaye. Akaone okha." Pa boma pathu panali wa sitolo wina amene anali ndi deki ndi jenereta, ankaonetsa mafilimu m'chipinda cha kuseri.

Patapita milungu iwiri ndinaimba. Yohane anayamba ndi kutsokomola.

"Achimwene, tepi ija yafika. Mdala anapita kukaionera."

"Anapita? Okha?"

"Okha, atavala jekete. Koma achimwene, mwatitumizira yotayidwa kodi? Chithunzi chikungogudubuzika ngati tayala, mitundu palibe, anthu akuoneka ngati ali m'chifunga. Mawu ake ndiye ayi, okoka, onenepa, ngati ng'ombe ikulira m'chitsime. Wa sitolo akuti matepi ake onse amasewera bwinobwino, vuto ndi lanu."

Ndinati sizingatheke, ndinaiyesa ndekha. Iye anati iye wanena zimene waona. Ndinafunsa kuti bambo anati chiyani. Anati anakhala mpaka pakati, akuyang'anitsitsa, ndipo potuluka ananena kuti zipewa zikuoneka kuti n'za apolisi ndithu, ndipo mawu awo ndi olemera ngati a anthu odziwa ntchito, koma mwana uja akanatumiza chinthu chooneka. "Mwana uja." Zaka ziwiri, aka kanali koyamba kumva kuti anditchula.

Disembala 1994: Khadi lofiira

Apa mutu unandizungulira. Maso anga anaona tepi yabwino. Bambo anga anaona tepi yowonongeka. Tepi yake imodzi yomweyo. Tsono wabodza ndani? Bambo anga sananamepo chibadwire, ankatha kudzitengera okha ku khoti atapezeka kuti alakwa. Ndiye kuti vuto ndi maso anga, kapena makina anga oyesera amabisa zinthu, kapena matepiwa amaola akayenda ulendo. Ndipo ngati zili choncho, nanga onse aja ndinawamata chobiriwira? Ndinkaona m'maganizo mabanja a Amereka yense atakhala pa Khirisimasi, akuyang'ana chifunga ndi kumvera ng'ombe.

Amayi anu anandiletsa. "Bambo a m'nyumba, ntchito imeneyi ndi imene ili ndi inshuwalansi ya chipatala, ndipo ine ndili ndi pakati. Za ku Ntcheu zisiyeni ku Ntcheu." Anali ndi mfundo. Mimba imeneyo ndiwe, Tadala. Koma ine ndinaleredwa ndi munthu amene ankati ukaona cholakwika n'kukhala chete, walowa nawo m'gulu la akuba. Ndinalimbana nazo masiku angapo, chakudya osachimva kukoma. Lolemba m'mawa, mulu wachiwiri wa filimu yomweyo uli pa makina, malole akudikira panja, ndinakweza khadi lofiira.

Phokoso lonse linazima. Sindinamvepo chete ngati ameneyo. Mayi Paulette anabwera akuthamanga, magalasi akuwamenya pachifuwa.

"Waona chiyani?"

"Ine sindinaone kanthu, mayi."

"Ndiye khadi wakwezeranji?"

"Bambo anga ndi amene aona."

"Bambo ako amagwira ntchito muno?"

"Ayi, ali ku Malawi."

Mayi Paulette anavala magalasi aja. Kenako anatenga matepi pa mulu, n'kuwaika m'makina anga, m'makina a mnzanga, m'deki ya mu ofesi mwawo. Ponseponse perete ali mbee, mbendera ikukwera bwinobwino. Komabe ine ndinaumirira kuti bambo anga sanama. Anthu anasonkhana, ena akuseka, oyendetsa malole akuliza mahutala. Ndiye kunabwera Tesfaye, wokonza makina, munthu wa ku Ethiopia, akupukuta manja. Atamva nkhani yonse anagwira pamphumi.

"M'bale wanga, unatumiza tepi ya kuno ku Africa osaisintha?"

"Kuisintha chiyani? Tepi ndi tepi."

Anati ayi. Ma TV a kuno ndi a kwathu sawerenga chithunzi mofanana, ngakhale liwiro limene tepi imayendera m'deki ndi losiyana. Tepi ya kuno ukaiika m'deki ya kwathu imayenda pang'onopang'ono, chithunzi n'kubalalika. Iyenso anazionapo ndi tepi ya ukwati wake, apongozi ake anaganiza kuti wakwatira m'mdima. Ndinamufunsa kuti tsono tepiyo ndi yabwino kapena yoipa? Anati ndi yabwino kuno, yoipa uko. Ine mpaka lero yankho limenelo silinandikhale bwino. Ku polisi munthu amakhala wakuba kapena wosaba, sakhala wakuba ku Limbe n'kukhala wosalakwa ku Zomba.

Sanandichotse ntchito. Mayi Paulette anandiitanira mu ofesi n'kunena kuti theka la tsiku lapita chifukwa cha bambo anga, ndipo akuluakulu akufuna mutu wa munthu. Anandichotsa m'chipinda cha oyesa n'kunditumiza kokweza makatoni m'malole, kunja kozizira, mpaka dzinja la kuno litatha. Potuluka anandifunsa kuti, "Bambo akowo, filimuyo akuifunadi?" Ndinati kwambiri. Anangopukusa mutu, ine osamvetsa chimene akupukusira.

1995: Tepi yachiwiri

Tesfaye anandilozera kasitolo ka Mmwenye wina kufupi ndi College Park, kumene ankasintha matepi kuti azisewera kwathu. Tesfaye yemweyo anandibwereka tepi yake ya filimu ija, ndinapita nayo. Mwini sitolo atamaliza anandiuza kuti ndikhale pansi ndiionere pa TV yake ya mtundu wa kwathu, nditsimikize. Ndipo ine, chizolowezi chili ngati chikonga, ndinaona poyambira, ndinathamangitsa pakati, ndinathamangitsa kumapeto. Perete, mvula, mendulo. Zonse zowala. Ndinati zili bwino, ndinanyamuka kuthamangira basi.

Inapita ndi mnyamata wina wa sukulu amene ankabwerera kumudzi Lachisanu. Ndinatumiza uthenga kwa Yohane kuti ulendo uno bambo asapite okha, aitane anzawo, chifukwa chinthuchi tsopano chikuoneka ngati ukuyang'ana pawindo.

Lamlungu lotsatira, titaweruka ku tchalitchi, tinaitanidwa ku nkhomaliro ku Springfield kwa a Mwanza, mkulu wa mpingo wa ku Zambia amene ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu mu Washington. Titadya, iwo anati, "Ba Fedisoni, nili na filimu yamene munapanga ku nchito kwanu. Manje tiyeni titambe, museke pang'ono, mwayonda na makatoni." Anatulutsa tepi ya m'sitolo, ya chikuto chake. Pachikutopo panali sajeni wanga uja, chipewa chili chammbali, nkhunda itatera pamutu pake. Ndinati mwina ndi filimu ina. Anaiika.

Perete anayamba monga ndinkamudziwira. Ndinakhala tsonga, ndikunyadira. Ndiye tinadutsa pamene ine ndinkathamangitsira nthawi zonse. Mbendera itafika pamwamba, anthu onse anachoka pabwalo, sajeni yekha anatsala ali chilili. Kamera inamuyandikira, ndipo kunamveka mkonono. Munthu uja anali m'tulo, maso ali pamtunda! Nyumba yonse ya a Mwanza inaphulika ndi kuseka. Amayi anu anagwira mimba, misozi ikutuluka. Ine ndekha sindinaseke.

Zinapitirira. Sajeni uja anamanga chidole cha m'sitolo ya zovala n'kuchifunsa mafunso tsiku lonse. Anadzimanga yekha unyolo ku ngolo ya ogulitsa soseji n'kukokedwa tauni yonse. Pamvula paja, pamene ine ndinkati akulondera mzinda mosatopa, n'kuti nsapato zake zitamira mu simenti yaiwisi, akuopa kuuza anthu. Ndipo mendulo ija anamupatsa chifukwa anagona ali padenga, n'kugubuduka, n'kugwera mbava imene inkadutsa pansi. Wopukuta misozi uja ankalira chifukwa sajeni anali atamuponda phazi. Nkhope zonse zinali zaulemu ndithu monga ndinkazionera, palibe ankamwetulira, ndipo a Mwanza anati n'chimene chimasekesa. Ine sindinkamvetsa. Zithunzi zomwezo zimene zinandigwetsa misozi kwa milungu, lero anthu akugubuduka nazo pa kapeti.

"Ba Fedisoni, simuseka?" anatero a Mwanza. "Ndimwe munaipanga!"

Ndinafunsa ngati ndingabwereke foni. Koma linali Lamlungu, ofesi ya Yohane yotseka. Lolemba ndinaimba, akuti Yohane watumidwa ku Dedza. Lachiwiri foni sinkalowa. Nditamupeza Lachinayi, ndisananene n'komwe kuti abise tepiyo, iye anati, "Achimwene, mudikire. Mdala ali pompano. Abwera dzulo ndi lero kudikira foni yanu."

Ndinamva foni ikusinthana manja, kenako kupuma kumene ndinkakudziwa kuyambira ndili mwana.

"Fedisoni."

"Wawa, bambo. Muli bwanji, bambo?"

"Tepi yako yafika. Unati ndiitane anzanga. Ndinaitana a Kampira ndi a Zulu, amene ndinagwira nawo ntchito ku Mulanje. A Zulu anayenda wapansi kuchokera kuphiri. Tinavala majekete ndi mamendulo athu. Wa sitolo anatiikira mipando kutsogolo, ndipo anauza anthu kuti lero alowe ulere, chifukwa filimuyi yachokera kwa mwana wa a Sajeni."

Ndinayesa kulowererapo. Ndinati bambo, ine sindinkadziwa, pa ntchito pathu timangoona malo atatu. Ndikulankhula ndinadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza la mwana wogwidwa ndi ndiwo m'manja. Munthu angagwire bwanji filimu miyezi yonseyo osadziwa zimene zilimo? Iwo sanandidule, anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Tinakhala mpaka kumapeto," anatero. "Wapolisi sathawa pamalo. Ana a pamsika tsopano akandiona akumaima njo, n'kuyamba kuliza mkonono."

Ndinalira, ana anga. Ndinali pa foni ya m'khonde la nyumba imene tinkachita lendi, anthu akudutsa ndi mabasiketi ochapira, ine bambo wamkulu ndikulira ngati wafedwa. Ndinati pepani, bambo, pepani.

"Ndifunse chinthu chimodzi. Ntchito yako kwenikweni ndi yotani kumeneko?"

"Ndimaona ngati chithunzi chikuoneka bwino, bambo."



"Chikuoneka bwino," anatero. "Palibe chimene sitinaone. Yohane, tenga foni yako."

Ndinabwerera m'chipinda cha oyesa mwezi wa Epulo, ndipo ndinagwira mmenemo mpaka matepi atayamba kutha ntchito. Agogo anu anamwalira mu 1997. Ndinaimba kambirimbiri m'zaka ziwiri zimenezo, ndipo nthawi zonse anali kudimba.